Njinga Yamagiya ya ku Chiringa

Julius Mulipa ankakonza njinga pa Migowi, kuseri kwa chigayo, m'kashedi ka malata anayi. Pa njinga zakuda zonyamulira katundu zomwe zadzaza Phalombe yense, panalibe chomwe chinkamuvuta. Munthu akamabwera akukankha yake, Julius ankalimva vuto ndi khutu mwiniwake asanatsegule pakamwa.

Tsiku lina la msika, mu Ogasiti 2002, kunafika mayi wina atasenza felemu ya njinga pamutu, thumba la zitsulo atalibereka kumbuyo ngati mwana. Anatula zonse pafupi ndi mapazi a Julius n'kukhala pansi kaye kuti apume.

"Ndine Zelifa, ndachokera ku Chiringa," anatero mayiyo. "Okonza njinga a kwathu onse aikana. Akuti ndiyese kwa inu."

Felemuyo inali yakuda bii ndi mwaye, ikununkha utsi. Zelifa anati yakhala ikulendewera kudenga la khitchini zaka zisanu ndi chimodzi. Julius anakhuthula thumba lija. Munatuluka mikombero iwiri yocheperapo poyerekeza ndi ya njinga wamba, mahandulo owongoka ngati ndodo, tcheni chouma gwa ndi dzimbiri, ndi kachitsulo kopindika kokhala ndi timagudumu tiwiri ta mano. Kumkombero wakumbuyo kunali magiya asanu, kumapedulo atatu.

"Mayi, izi tisavutike nazo," anatero Julius. "Ndichotse magiya onsewa, ndiike fuliwilo imodzi ngati njinga zina zonse. Mawa lomwe mukwera."

"Ayi, bambo. Ndikufuna magiyawo."

"Mukawatani?"

"Amuna anga akudwala chifuwa chachikulu. Sabata iliyonse akuyenera kukaonekera kuchipatala, ndipo wowanyamula ndine. Panjira pali chitunda, palinso mchenga. Njinga yomwe ndimabwereka ndimachita kutsika n'kumakankha iwo ali pakaliyala, mpaka msana kuuma. Koma iyi isanafe, iwo ankakwera nayo chitunda chomwecho atamanga matumba awiri a makaka a chinangwa, osatsika."

Julius anakanda m'mutu. Njinga ya mtundu umenewu anali ataigwirapo imodzi yokha, ndipo magiya ake sanawakhudze n'komwe. Inali ya mkulu wake, Nickson, amene ankagwira ntchito yomasulira Chilomwe kumsasa wa anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique. Mzungu wina wa kumsasako anamusiyira njingayo pobwerera kwawo. Tsiku lomwe Napolo anatsika m'phiri la Michesi, mu Malichi 1991, Nickson anali atachoka pakhomo m'mamawa pa njinga yakeyo. Sanaonekenso. Anthu anafukula matope kwa masabata awiri. Ena anapezeka, koma iye ndi njinga yake ayi. Pamapeto pake abale anaika thunthu la nthochi m'manda n'kulira maliro.

"Isiyeni," anatero Julius. "Koma sindikulonjeza kanthu."

M'mawa mwake anayamba ndi kutsuka. Tcheni ndi timagudumu tija anaziviika m'chitini cha palafini, kenaka anatenga phulusa, sopo ndi chisanza n'kuyamba kukwecha felemu. Mwaye utachoka panatuluka penti wobiriwira. Sanadabwe nazo, njinga zobiriwira n'zambiri. Atafika kumbuyo, pomwe kaliyala amagwira, chala chake chinagunda kachotupa. Anali manati awiri owotcherera pafelemu, kuwotcherera kwake konyansa ngati phala lotayikira. Julius anasiya kukwecha. Anaigoneka felemuyo chagada n'kupala pansi, pomwe ekiselo ya mapedulo imadutsa. Panatuluka zilembo ziwiri zokhomedwa ndi msomali kadontho kadontho: N.M.

Manati amenewo anawotcherera ndi iye mwini mu 1990, Nickson atadandaula kuti njinga ya azungu ilibe pomangira katundu. Zilembozo anakhomanso ndi iyeyo, mkulu wake ataimirira pambali akumukalipira kuti asakande penti.

Anakhala pansi, chisanza chili m'manja. Wa pachigayo anamuitana kawiri kuti amubwereke sipanala, iye osamva.

Madzi a Napolo anagubuduza miyala yaikulu ngati nyumba. Njinga ikanalowa m'menemo ikanatuluka itapindika ngati waya. Koma iyi inali yowongoka bwinobwino. Ndiye kuti m'madzimo sinalowemo. Nanga mwiniwake? Mwina anaisiya penapake n'kupita wapansi, wina n'kuitola. Mwina wina anamulanda. Panalinso ganizo lachitatu lomwe Julius ankalikankha koma linkabwerabe: kodi mwamuna wodwala wa ku Chiringayo ndani kwenikweni?

Sanauze munthu, ngakhale mkazi wake. Anangolimbikira ntchito.

Mikombero sinamuvute. Anasintha masipoko asanu ndi awiri, n'kuwongola mpaka inazungulira osagwedezeka. Mahabu anawatsegula, anachotsa girizi wouma ngati dothi n'kuika watsopano. Matayala ndiwo anasowa. Pa Migowi ponse ankagulitsa aakulu okhaokha a njinga zakuda, moti anachita kutuma kondakitala wa minibasi kuti akamufunire ku Limbe, atamupatsa chingwe choyezera. Kondakitalayo ulendo woyamba anabwera ndi tayala la njinga ya mwana. Ulendo wachiwiri anabweretsa oyenera, akuluakulu a mano ngati a thirakitala.

Chomwe chinamuzunguza mutu ndi kachitsulo ka timagudumu tiwiri kaja. Ankaona kuti ndi kamene kamasuntha tcheni kuchoka pa giya ina kupita pa ina, koma kankayenera kuyang'ana kuti? Anakamanga koyamba, atapukusa pedulo tcheni chinagwera mkati mwa masipoko. Anakatembenuza, tcheni chinangolendewera ngati mkanda. Atakamasula kuti aone mkati, kasipuling'i kanadumpha n'kukagwera pamulu wa gaga wa pachigayo. Anakhala theka la tsiku akusefa gagayo ndi lichero, amayi odzagayitsa akumuseka.

"Achimwene, munkachita bwanji apa?" anadzipeza akuyankhula yekha. Anatembenuka kuona ngati wina wamva.

Lachisanu Zelifa anabwera kudzaona pomwe ntchito yafika. Ataona penti wobiriwira anaomba m'manja.

"Kani ndi yokongola chonchi!"

"Amuna anu dzina lawo ndani?" anafunsa Julius, maso ali pa sipanala.

"A Eneya."

"Anaipeza kuti njingayi?"

"Sindikudziwa. Ine ndinawapeza ali nayo kale."

"Munakwatirana liti?"

"Chaka chotsatana ndi cha Napolo."

Sipanala inapulumuka m'manja mwa Julius. Anaitola pang'onopang'ono.

"Ndi aatali? Oyererako? Pachibwano apa ali ndi chipsera?"

Zelifa anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Bambo, mukukonza njinga kapena amuna anga?"

"Ndimangofunsa, kuti ndidziwe pokwezera chishalo."

"Wopalasa ndine. Yezani ine."

Anachoka nkhope itasintha, ndipo Julius anadziwa kuti mayiyo wamuyesa munthu wofuna kuwanamizira kuba.

Mlungu wotsatira anapeza pomwe panali vuto. Kankhono ka pafelemu komwe kachitsulo kaja kamamangidwapo kanali katapindikira mkati pang'ono, mwina njingayo inagwerapo. Anakawongola ndi sipanala yaikulu, mtima uli m'mwamba kuopa kuti kathyoka. Mawaya a magiya anali atadukaduka, ndiye anatenga a mabuleki n'kupala mitu yake ndi tupa mpaka inalowa m'timakono ta pamahandulo. Panatsala tisikuluwu tiwiri tating'ono tomwe sankadziwa ntchito yake. Anamanga kasikuluwu kamodzi, tcheni chinakana kukwera pa giya yaikulu. Anakamasula, chinakwera n'kupitirira. Apo mpamene anazindikira kuti tisikuluwuto ndi malire, kena ka mkati kena ka kunja. Anapachika njinga pachingwe, anapukusa pedulo ndi dzanja n'kukankha kamkono. Kete! Tcheni chinakwera. Kete! Chinakweranso. Anakankha mpaka pa giya yachisanu n'kubwerera, osagwa.

Anaseka yekha mokweza, kenaka anapeza kuti maso ake adzaza misozi. Sanadziwe kuti ikuchokera pati.

Penti sanapake wina. Anangopukuta wakale uja ndi kansalu ka mafuta.

Loweruka m'mawa sanadikire kuti Zelifa adzaitenge. Anaikwera yekha kulowera ku Chiringa. Inali yopepuka modabwitsa. Pamchenga, pomwe njinga zina zimazyolika, iyo inkangodutsa. Pachitunda anakankha kamkono kolakwika, mapedulo analimba ngati mwala mpaka anatsala pang'ono kugwa. Atakankha kamkono kenako, miyendo inayamba kuzungulira mofewa, njinga ikukwera yokha. Anthu opita kumsika atamanga nandolo ankaima n'kumamuyang'ana. Iye njira yonse ankangokonza mawu. Akakhala achimwene ndinene chiyani? Ndiwakumbatire? Ndiwamenye? Ndiwauze kuti amayi anamwalira mu 1997 akuwalirabe?

Anafunsira pakhomo pa a Eneya kwa amayi ena pamjigo. Atafika anaona mwamuna atakhala pamphasa pansi pa mtengo wa mango, atafunda chitenje, atamufulatira. Mapewa ake anali opyapyala, mutu wa imvi. Julius anatsika panjinga.

"Odi!"

Mwamunayo anatembenuka. Anali wamfupi, wakuda, wa mphuno yotambalala, wamkulu kuposa Nickson ndi zaka khumi kapena kuposerapo. Sanali iye. Julius anamva thupi lonse likumasuka, nthawi yomweyo mumtima munagwa chinthu cholemera. Sanathe kusiyanitsa ngati wapulumuka kapena waluza.

Zelifa anatuluka m'nyumba akupukuta manja. Ataona njinga anamwetulira, ataona Julius kumwetulirako kunatha. Anamuyalira mkeka, analonjerana, kenaka Julius anaigoneka njinga n'kuwaonetsa zilembo zija.

"Bambo Eneya, sindinabwere kudzakangana. Njingayi inali ya achimwene anga, a Nickson Mulipa. Zilembozi ndinakhoma ndine. Tinawalira kuti anapita ndi Napolo. Ndikungofuna kudziwa kuti inafika bwanji kuno."

Eneya anatsokomola nthawi yaitali. Atapuma anati, "Wamtali uja? Woyankhula Chilomwe ngati wobadwira kutsidya?"

"Eya."

"Dzina sanandiuze. Masiku amenewo ine ndinkadziwa tinjira ta m'malire, ndinkaperekeza anthu. Anabwera masana, matope mpaka m'mawondo. Akuti ndiwolotseni, ndikufuna kukafika ku Milanje. Ndinati kuli nkhondo kumeneko, anthu akuthawa kubwera kuno, inu mukupita? Anangoti tiyeni. Njinga ndinamuuza kuti asilikali amulanda tsiku lomwelo. Ndiye anati sungani, ndidzaitenga. Ndinasunga chaka chathunthu osaikwera. Kenaka ndinayamba kukwera."

"Linali liti tsiku limenelo? Napolo atatsika kale?"

"Atatsika. Patapita masiku awiri kapena atatu."

"Mukunenetsa?"

Eneya anayang'ana m'mwamba mu mtengo. "Matope aja ndikuwakumbuka bwino. Koma chaka chimenecho mvula inavuta mwezi wonse, matope anali paliponse." Anatsokomolanso. "Mwina asanatsike. Ayi, atatsika, chifukwa tinakambirana za anthu okokoloka. Kapena ameneyo anali wina? Ndinawolotsa anthu ambiri, bambo. Mutu wangawunso ndi mankhwalawa sukugwira bwino."

"Tsiku la Napolo lenilenilo anachoka pakhomo ndi njingayi," anatero Julius. "Sizingakhale asanatsike."

"Ndiye kuti atatsika," anavomera Eneya mosavuta, ngati munthu wofuna kusangalatsa mlendo. Kuvomera kotereku kunamusokoneza Julius kuposa kukana.

"Ananena chomwe ankathawa?"

"Sindinkafunsa anthu zimenezo."

Zelifa anafunsa ndi mawu otsika. "Ndiye muitenga?"

"Ayi, mayi. Bwerani ndikuonetseni magiya."

Anamuphunzitsa kuti asamakankhe kamkono ataima, koma akupalasa, ndiponso kuti asinthe giya chitunda chisanayambe. Zelifa anamanga chitenje bwino, anazungulira bwalo kawiri, tcheni chikulira kete kete. Kachitatu anauza mwamuna wake kuti akwere. Eneya anakhala pakaliyala atagwira m'chiuno mwa mkazi wake, ndipo anapita mpaka pamjigo n'kubwerako, Zelifa akufuula kuti, "Ngati sindinanyamule munthu!"

Julius anabwerera pa matola, atakhala pamwamba pa matumba a nandolo.

Lamulungu atatuluka m'tchalitchi anapita ku Mkhumba. Kumeneko n'komwe kunkakhala Hilda, amene anali mkazi wa Nickson. Maliro atatha abale anamusudzula mwamwambo, ndipo patapita chaka ndi miyezi anakwatiwa ndi mphunzitsi wina dzina lake Thomson. Julius anamupeza yekha pakhonde akusola nandolo. Ankaopa kuti nkhaniyi imugwetsa, choncho anayamba patali, za njinga, za mwaye, za manati. Hilda ankamvetsera manja akugwirabe ntchito. Atafika pa mawu a Eneya, Julius anaima kudikira kuti mayiyo alire kapena akuwe.

Hilda anangosuntha lichero.

"Alamu, mwamva zomwe ndanena? Zikuoneka kuti achimwene sanafe ndi Napolo."

"Ndamva."

"Ndiye?"

"Ndinkadziwa."

Julius anaganiza kuti sanamve bwino. "Munkadziwa chiyani?"

"Kunabwera kalata mu 1993. Anabweretsa ndi mayi wina wogulitsa nsomba zouma. Inalembedwa ku Milanje, dzanja lake ndi lawo lomwe." Hilda anapukuta manja pachitenje. "Inali ya mizere itatu. Ndili moyo. Musandifunefune. Ndidzafotokoza ndikadzabwera."

"Ili kuti?"

"Ndinaitentha."

"Alamu!"

"Mukanatani inu?" Mawu a Hilda anakwera koyamba. "Munandimeta, munandisudzula, munandiuza kuti ndine mfulu. Kalatayo inandipeza ndili ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri pa a Thomson. Ndikanapita nayo kwa ndani? Ndikanakhala mkazi wa ndani? Ndinadikira kuti abwere adzafotokoze okha. Nkhondo inali itatha, anthu a kumsasa onse anabwerera kwawo, njira zinatseguka, kuno zipani zinachuluka, aliyense wothawa anabwerako. Iwo okha ayi."

"Koma amayi. Amayi anamwalira osadziwa."

"Ndinapita kawiri kuti ndikawauze. Ulendo woyamba ndinawapeza akudwala. Wachiwiri ndinawapeza akuseka ndi adzukulu, ndinati ndiwauze kuti mwana wanu ali moyo koma sakukufunani? Ndinabwerera."

Julius anafuna kukwiya, koma mkwiyowo unasowa pogwera. Akayang'ana Hilda, ankaona kuti mayiyu wasenza yekha chinthuchi zaka zisanu ndi zinayi. Akaganiza za Nickson, ankaona munthu amene anamuphunzitsa kupalasa njinga, amene sankagona mayi awo akadwala.

"Chinawathawitsa n'chiyani?" anafunsa.

"Ndakhala ndikudzifunsa. Kunali mphekesera ya mkazi wina wa kumsasa. Kunalinso anthu awiri ovala bwino amene anabwera pakhomo kawiri kudzawafunsa za makalata omwe ankawolotsera anthu. Masiku amenewo mukudziwa mmene zinalili. Mwina ndi mkaziyo, mwina ndi anthuwo. Mwina anangoona phiri likugumuka kumbuyo kwawo, mutu n'kusokonekera. Sindikudziwa, alamu." Anatolanso nandolo. "A Thomson sadziwa. Muwauza anthu?"

"Sindikudziwa," anatero Julius.

Patapita masabata awiri anatseka shedi, anauza mkazi wake kuti akukafuna zipangizo, n'kukwera galimoto mpaka pa Muloza. Anawoloka kupita ku Milanje atatenga chithunzi chimodzi chokha chomwe anali nacho, cha tsiku la ukwati wa Nickson. Anazungulira mumsika, kwa okonza njinga, kutchalitchi, akuyankhula Chilomwe chake chosweka. Ambiri ankapukusa mitu. Telala wina wachikulire anachiyang'anitsitsa chithunzicho n'kunena kuti munthuyu amamudziwa, ankamasulira pachipatala, ndipo anasamukira ku Mocuba ndi mkazi ndi ana awiri. Julius asanachoke pakhonde pomwepo, mkazi wa telalayo anatenga chithunzicho n'kunena kuti ayi, wa ku Mocuba uja ndi wina, uyu ndi uja anamwalira ndi kolera nkhondo itangotha. Awiriwo anayamba kukangana, aliyense akulumbira, mpaka anaiwala kuti mlendo alipo.

Julius anapempha pepala kwa telalayo. Analemba kuti amayi anamwalira, kuti Hilda ali bwino, kuti njinga yapezeka ndipo ikuyenda. Anaganiza nthawi yaitali chowonjezera, koma anangolemba kuti, "Ndine Julius, ndikadali pa Migowi kuseri kwa chigayo." Kalatayo anapatsa dalaivala wa lole yopita ku Mocuba, amene anaiponya pa dashibodi pamodzi ndi mapepala ena n'kunena kuti akafunsa.

Atafika kunyumba anamuuza mkazi wake zonse, kuyambira pa manati mpaka pa telala. Mkaziyo anamvetsera atagwira chibwano.

"Ndiye tizinena kuti malemu, kapena tisiye?" anafunsa.

Julius anaimirira. Anapempha madzi osamba.

Mvula yoyamba inagwa kumayambiriro kwa Novembala, anthu anadzala. Yankho la ku Mocuba linali lisanabwere. Lole ya ku Mozambique ikaima pa Migowi kudzagula nandolo wotsala, Julius ankasiya ntchito n'kupita kukafunsa dalaivala, ndipo madalaivalawo anafika pomuzolowera moti ankayamba okha kupukusa mutu iye akadali patali.